Galu wa Ntchito Asasowe Ntchito

Tsiku lina madzulo, pochokera ku mapemphero a kumlaga kwathu ku Manje, ndinadutsa pa nyumba ya mkhristu mnzathu. Kuseri kwa nyumbayo kunali galu wamkulu womangidwa ndi unyolo waufupi, nthiti zili pamtunda, akuzungulira pamtengo kufikira udzu wonse unatha. Mwini wake anamgula chifukwa choopa mbala, koma tsopano amene akumuopa ndiwo ana a m'nyumbamo.

Agalu a mtundu umenewu, amene ambiri timawatcha Alsatian, anachokera ku Germany, kumene Max von Stephanitz anakhazikitsa mtunduwo m'chaka cha 1899 kuti aziweta nkhosa. Galu amene makolo ake anali kuthamanga m'mabusa tsiku lonse sangakhale chete pa kapuloti kathu kopanikizana. Afunika kuyenda ndi kuthamanga maola ngati 2 patsiku, ndiponso kuphunzitsidwa kumvera akali mwana. Akasowa zimenezi amakumba, amauwa usiku wonse, ndipo tsiku limene unyolo udzaduke adzaluma mwana wa mnansi.

Inu makolo, musananene kuti inde, yambani mwawerengera mtengo wake. Galu wamwamuna wamkulu alemera makilogalamu 30 kufikira 40, ndipo makombo a nsima ndi madeya sizimkwanira. Angathe kukhala ndi moyo zaka 10 kapena kupyolapo. Kodi mwana wa Sitandade 6 amene akulirira kagalu lero adzakhala kuti zaka zimenezo zikamatha? Akadzapita ku sekondale, ntchito yonse idzagwera mai ake. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Palinso nkhani ya chiwewe. M'chaka cha 2015 bungwe la Mission Rabies linabaya katemera agalu oposa 35,000 mu mzinda wa Blantyre m'masiku 20 okha, ndipo pambuyo pake ana ofika ndi nthendayi ku chipatala cha Queen Elizabeth anachepa. Katemera wotere ndi udindo wa mwini galu, pakuti zizindikiro za chiwewe zikaoneka mwa munthu, mankhwala ake palibe.

Anyamata inu, werengani Miyambo 12:10, muone kuti Mulungu ayesa chilungamo chathu ngakhale pa ziweto. Ngati simungathe kudzuka m'bandakucha kukayendetsa galu wanu m'mphepete mwa phiri la Soche, mvula kapena dzuwa, msiyeni kagaluyo kwa mwini wake. Ndalamazo mugule loko wolimba.