Kodi Mumadziwa? Injini Zakale za Dizilo M'mapikapu

Kodi mumadziwa kuti ku America kuli anthu amene amazula injini m'pikapu ya Ford yooneka bwinobwino n'kuikamo injini yakale ya dizilo ya Cummins? Galimoto yotere anaipatsa ndi dzina lomwe, amati Fummins. Ena mwa iwo ndi eni mapikapu a 2003 mpaka 2007 okhala ndi injini ya malita 6.0 ya Power Stroke, imene inatchuka ndi kupsa magasiketi. Munthu akatopa n'kupita kugalaja, amangoti bola yakale ija.

Kodi mumadziwa kuti injini akuilimbiranayo poyamba sinali ya pikapu? Cummins 6BT, ya masilinda 6, malita 5.9 ndi mavalavu 12, inayambira m'mathalakitala ndi m'makina a zomangamanga cha m'ma 1984, pamene kampani ya Cummins ya ku Columbus, Indiana, inkaipanga mogwirizana ndi kampani ya Case. Dodge anadzaiika m'pikapu yake ya Ram mu 1989, ndipo inakhalamo mpaka 1998. Itangolowa kumene, mphamvu yake inali ya mahatchi 160 okha. Koma poti anaiumbira ntchito ya kumunda, imakoka katundu ikungolira pansipansi, osapuma wefuwefu.

Kodi mumadziwa kuti injiniyi ikangolira imafuna waya mmodzi basi? Apa mpamene pagona nkhani yonse. Mafuta amaponyedwa ndi pampu ya Bosch yoyendera magiya, ndipo ya P7100, imene inabwera mu 1994, ndiyo anthu amaifunitsitsa. Mulibe kompyuta, mulibe lamba wa taimingi. Waya uja ntchito yake n'kutsegula njira ya mafuta, ukazimitsa kiyi n'kutseka. Yerekezani ndi injini zamakono za common rail, zimene kasensa kamodzi kakafa galimoto imayamba kuyenda ngati yadwala, ndipo popanda makina oyezera palibe angadziwe chavuta. Ine ndili kumbali ya injini imene makaniko amaimva ndi khutu, n'kuikonza ndi masipanala ake pansi pa mtengo. Amene anagonapo panjira ndi matumba a chimanga kumbuyo, tauni ili kutali, akudziwa chimene ndikunena.

Kodi mumadziwa kuti ife kuno nzeru imeneyi si yachilendo? Amakaniko athu akhala akuika injini za Nissan TD27 kapena Toyota 3L ndi 5L, zochokera ku Japan, m'mapikapu amene injini zake zinagogoda. TD27 nayo taimingi yake ndi ya magiya. Ndipo Toyota 1HZ ya malita 4.2, imene inatuluka mu 1990, yakhala ikuikidwabe m'ma Land Cruiser atsopano obwera ku Africa kwa zaka zambiri, chifukwa imapirira dizilo wa m'madilamu ndi fumbi la m'misewu yathu.

Kodi mumadziwa kuti 6BT imalemera pafupifupi makilogalamu 500? Ukaiika m'pikapu yaing'ono mphuno imagwa pansi. Masipuling'i akutsogolo, mabuleki, ladiyeta, zonse zimafuna kusintha, ndipo giyabokosi yofooka imalavula mano isanathe nthawi. Apa mpamene ambiri amalirira, pakuti ndalama yogulira injini ndi chiyambi chabe. Ofuna yopepuka amathamangira mng'ono wake, 4BT ya masilinda 4 ndi malita 3.9, imene kawirikawiri amaizula m'magalimoto akale ogawa buledi. Koma imeneyo imanjenjemeretsa galimoto mpaka magalasi.

Kodi mumadziwa kuti chimphona cha 6BT chija chimagwetsedwa ndi kachitsulo kochepa ngati ndudu yoduka? Kutsogolo kwa injini kuli kapini kamene kamakhazika chikho cha magiya m'malo mwake. Ndi kunjenjemera kwa zaka zambiri kamasololoka pang'onopang'ono, ndipo kakagwera m'magiya kamatha kuswa chikhocho, oyilo n'kutayika. Eni ake amakatcha killer dowel pin. Mankhwala ake ndi kabale kachitsulo komangira pa bauti yoyandikana nako, ntchito yofunika kuichita injini isanalowe m'galimoto.

Kodi mumadziwa kuti utsi wa dizilo umayambitsa khansa? Mu 2012 nthambi yofufuza za khansa ya World Health Organization inatsimikiza zimenezi, makamaka khansa ya m'mapapo. Mfundo iyi okonda injini zakale safuna kuimva, koma ine sindingaibise. Masensa ndi zosefera mwaye zimene timadandaula nazozi zinabwera kuti mwana woyenda m'mbali mwa msewu ndi mayi wogulitsa tomato pasiteji asamapume mwaye. Ku America mapikapu a dizilo anayamba kukhala ndi zosefera za DPF mu 2007, ndipo lamulo la Clean Air Act limaletsa kuchotsa zida zochepetsa utsi. N'chifukwa chake kumeneko kuika injini yakale m'galimoto yaing'ono msinkhu kuposa injiniyo kungamuike munthu m'madzi otentha, pomwe kuiika m'pikapu ya zaka zakumbuyo kwake si nkhani yovuta chotero.

Kodi mumadziwa kuti injini yakale ya dizilo siyenera kufuka chiutsi chakuda bii? Utsi wotero ndi mafuta osapsa bwino. Kawirikawiri manozo atha, fyuluta ya mpweya yatsekeka ndi fumbi, kapena wina anatsegula pampu mopyola muyezo pofuna liwiro. Manozo ndi pampu zikayezedwa bwino, utsi umachepa, dizilo nayenso amakhalitsa m'thanki.