PIKAPU IKAFOOKA KAPENA KUZIMA PANJIRA

(Nkhani iyi inakambidwa pa wailesi ndi Mlangizi wa za Ulimi wa m'boma la Phalombe. Taisindikiza muno kuti amene sanaimve aiwerenge ndi kuisunga.)

Lero sindikamba za mbewu kapena za manyowa, koma za galimoto imene imanyamula mbewu zathu kunka nazo ku msika. Nyengo ya nandolo ndi mpendadzuwa ikafika, ambiri a inu mumasonkha ndalama m'makalabu ndi kupeza pikapu ya hayala kuti ikatule matumba ku Migowi, ku Chiringa kapena ku Limbe. Ena mwagula pikapu zanuzanu. Galimoto yomweyo ndiyo imathamangira ndi wodwala ku chipatala cha Holy Family pakati pa usiku. Tsono ikazima panjira, wovutika si dalaivala yekha. Msika umatha, matumba amagona patchire, ndipo wodwala amafika mochedwa.

Mawu anga lero ndi awa: injini ikafooka kapena kuzima, musathamangire kumasula zitsulo. Yambani mwaona, mwamvetsera ndi kununkhiza. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kawirikawiri chovuta chimakhala chaching'ono, ndipo munthu wofatsa amachipeza asanataye ndalama.

MAFUWA ATATU

Monga mphika ukhala pa mafuwa atatu, injini nayo imadalira zinthu zitatu: mafuta, mpweya ndi moto. Chimodzi chikaperewera, mphamvu imatha. Mu injini ya petulo moto umachokera ku mapulagi. Injini ya dizilo ilibe mapulagi otere: imapanikiza mpweya mpaka utatentha kwambiri, ndipo dizilo akathiridwamo amayaka yekha. Chifukwa chake dziwani poyamba ngati galimoto yanu ndi ya petulo kapena ya dizilo, ndipo kenaka dzifunseni kuti mwa zitatuzi chasowa n'chiti.

YAZIMA BWANJI?

Kazimidwe kake kamakuuzani zambiri.

Ngati yayamba kudukizadukiza, kukoka ndi kuleka, kenaka n'kuzima pang'onopang'ono, ganizirani za mafuta. Mwina atha, mwina sakufika bwino ku injini.

Ngati yazima mwadzidzidzi monga nyali yothimitsidwa, makamaka mutadumpha pa bampu kapena pa dzenje, ganizirani za magetsi. Onani zingwe za pa batire ngati zili zolimba ndi zopanda chimbiri choyera, ndipo onani mafyuzi. Misewu yathu ya miyala imagwedeza zingwe mpaka kumasuka.

Ngati pa chidikha ikuyenda bwino koma ikufooka pa mtunda, monga pokwera ku Fort Lister pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi, kawirikawiri sefa ya mafuta kapena ya mpweya yatsekeka. Pa chidikha injini imamwa pang'ono, ndipo sefa yotsekeka imakwanitsa. Pa mtunda imafuna zambiri, ndipo pamenepo vuto limaonekera.

Ngati injini ikulira kwambiri koma galimoto siikuwonjeza liwiro, ndipo mukumva fungo ngati la chinthu chopserera, injini ilibe mlandu. Kilachi ndiyo yatha ndipo ikuterera.

Ngati ikulemera ngati yamangidwa, imani ndi kuyandikiza dzanja pa gudumu lililonse. Limene latentha kuposa anzake, mabuleki ake akugwira okha.

UTSI UMANENA ZOONA

Uzani mnzanu aime kumbuyo aone utsi. Utsi wakuda utanthauza kuti mafuta achuluka koma mpweya wachepa: yambani ndi sefa ya mpweya. Utsi wobiriwira ngati mtambo, wonunkha oyilo, utanthauza kuti injini ikuwotcha oyilo chifukwa yatha m'kati. Utsi woyera umene suleka ngakhale injini yatentha utanthauza kuti madzi akulowa m'malo oyakira moto, kapena kuti dizilo sakuyaka bwino. Utsi wa oyilo ndi utsi woyerawu ndi ntchito ya makaniko.

FUMBI

Kuno kwathu adani a injini ndi atatu, ndipo woyamba ndi fumbi. Kuti lita imodzi ya petulo iyake bwino pafunika mpweya wokwana malita pafupifupi 9,000, ndiko kuti madiramu 45. Mpweya wonsewo umadzera pa sefa imodzi. Taganizirani fumbi la m'misewu ya ku Nambazo ndi ku Chitekesa m'miyezi ya September ndi October! Sefa ikadzaza, injini imabanika monga munthu wothamanga atatseka mphuno. M'chilimwe muziitulutsa sabata ndi sabata ndi kuigogoda pang'onopang'ono kuti fumbi ligwe. Ngati ili ya pepala musaichape ndi madzi. Ikang'ambika gulani ina. Ena amaichotseratu poona kuti galimoto yayamba kukoka bwino. Kumeneko n'kupha injini, pakuti fumbi likalowa m'kati limadya zitsulo ngati mchenga.

MAFUTA AKUDA

Mdani wachiwiri ndi mafuta akuda. Pamene mafuta anasowa m'dziko muno, monga mu 2011 ndi 2012 ndiponso mu 2022, anthu ambiri anazolowera kugula a m'zigubu m'mbali mwa msewu. Mafuta otere amakhala ndi zinyalala, dzimbiri ndi madzi, ndipo ogulitsa ena osakhulupirika amathira palafini mu dizilo. Dizilo amafewetsa pampu ndi mainjekita pamene akudutsamo, koma palafini satero mokwanira, ndipo zitsulozo zimatha msanga. Mtengo wa pampu imodzi ungathe kumeza phindu la munda wonse.

Dziwaninso kuti kuyambira 1982 petulo wa m'Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wopangidwa kuchokera ku nzimbe, poyamba ku Dwangwa ndipo pambuyo pake ku Chikwawa. Ethanol amakoka chinyontho. Chifukwa chake petulo wosungidwa nthawi yaitali m'chigubu chosatseka bwino amawonongeka.

Njira yoyesera ndi yapafupi. Thirani mafuta pang'ono m'botolo loonekera ndi kuliika pansi kanthawi. Madzi ndi olemera kuposa mafuta, ndipo amakhala pansi pa botolo, pamodzi ndi zinyalala. Pikapu zambiri za dizilo zili ndi kampopi pansi pa sefa ya mafuta: katseguleni kuti madzi atuluke kufikira atayamba kutuluka dizilo yekha. Ndipo ngati dizilo anathera m'thanki, m'mapaipi mwalowa mpweya. Kuthira mafuta kokha sikukwanira. Pemphani dalaivala apope ndi kapampu ka dzanja kamene kali pamwamba pa sefa kufikira katalimba, ndipo pamenepo alize injini. Kuliza kosalekeza kumangomaliza batire.

Palinso ichi. Galimoto ikamazima mutayenda pang'ono, nidzukanso mutapuma, tsegulani chitsekero cha thanki. Mukamva mpweya ukulowa mwamphamvu, kabowo kopumira thanki katsekeka ndi matope.

MADZI

Mdani wachitatu ndi madzi. Ife a ku Phalombe sitifunika kuuzidwa za mphamvu ya madzi. Tikukumbukira napolo wa mu March 1991, ndiponso namondwe wa Freddy wa mu March 2023 amene anagumula misewu ndi milatho, makamaka cha ku Nkhulambe. M'dzinja madalaivala amayesa kuwoloka pamene mtsinje wa Phalombe kapena wa Sombani wasefukira. Mvetsani bwino apa: galimoto ikazimira m'madzi akuya, MUSAYESE KUILIZA. Mpweya umapanikizika koma madzi sapanikizika. Ngati alowa m'injini, kuiliza kumapinda zitsulo za m'kati, ndipo injini yonse imawonongeka pa kamphindi. Ikokereni kumtunda, tsegulani sefa ya mpweya. Ngati yanyowa, itanani makaniko. Ngati ili youma ndipo galimoto ndi ya petulo, mwina zanyowa ndi zingwe za ku mapulagi zokha: zipukuteni ziume. Onaninso oyilo. Akaoneka ngati tiyi wamkaka, madzi alowamo.

KUTENTHA NDI KATUNDU

Injini yotentha kwambiri imafooka, kenaka imazima. Muvi wa kutentha ukakwera, imani msanga. Onani ngati lamba wa fani waduka kapena walefuka, ndiponso ngati kumaso kwa rediyeta kwatsekeka ndi udzu, mankhusu ndi matope. Musatsegule chitsekero cha rediyeta ikali yotentha, pakuti madzi owira amatumphira kumaso. Dikirani izizire.

Nthawi zina galimoto ilibe nthenda konse, koma taisenzetsa mopitirira. Pikapu ya tani imodzi malire ake ndi matumba 20 a makilogalamu 50, ndipo munthu aliyense wokwera pamwamba amachotsako thumba limodzi kapena kuposa. Mukaika matumba 35 ndi eni ake pamwamba, kilachi idzatha, injini idzatentha, ndipo potsika mtunda mabuleki sadzagwira. Maulendo awiri ndi otsika mtengo kuposa injini yatsopano, ndipo ndi otsika mtengo kwambiri kuposa maliro.

PAMENE MUYENERA KULEKA

Pikapu zatsopano zili ndi kompyuta imene imachepetsa dala mphamvu ikaona chovuta, ndipo kanyali kachithunzi cha injini kamayaka kutsogolo kwa dalaivala. Zikatero yendani pang'onopang'ono kufikira ku galaja imene ili ndi makina oyezera. Musamasule mapaipi achitsulo opita ku mainjekita injini ikulira, pakuti dizilo wa m'menemo ali ndi mphamvu yoboola khungu. Kanyali ka oyilo kakayaka, kapena mukamva kugogoda m'kati, zimitsani pomwepo. Ndipo kulikonse kumene mwaima, ikani miyala ku magudumu ndi zizindikiro kutsogolo ndi kumbuyo. Pochoka chotsani miyala ndi masamba onse mu msewu.

KWA INU MAFUMU

Inu ndinu maso a mudzi. Kalabu ikafuna kupangana ndi mwini galimoto, alangizeni anthu anu afunse zinthu izi asanapereke ndalama: mafuta agulidwa kuti, sefa zinasinthidwa liti, galimoto imanyamula matumba angati, ndipo ikafa panjira adzalipira galimoto ina ndani. Safunsa anadya phula. Aonenso ngati dalaivala ali ndi sefa ya mafuta yapadera, lamba wa fani, mafyuzi, madzi ndi chingwe chokokera. Ndipo pa msonkhano wa mudzi kumbutsani anthu kukwirira maenje ndi kutsegula ngalande za m'misewu yanu mvula isanayambe.

Amene ali ndi funso afike kwa mlangizi wa dera lake.