Safunsa anadya phula: dziwani mtengo wa ndalama musanafike pachipata

Msewu wa M12 wochoka ku Lilongwe kudzera pa Mpingu ndi pa Namitete mpaka ku Mchinji sugona tulo. Mbandakucha uliwonse maminibasi amanyamula amayi a geni, alimi komanso ena okaona abale ku Chipata m'dziko la Zambia. Ena mwa iwo amachokera kutali monga ku Nsaru, Kabudula ndi Nambuma.

Onsewa amakhala ndi funso limodzi mumtima: kodi ndalama ili pansonga ya chitenjeyi ikakhala zingati akadutsa malire?

Funsoli si lachibwana. Maiko awiriwa onse ndalama yawo amaitcha kwacha, koma mphamvu zake n'zosiyana kutalitali. Zambia idayamba kugwiritsa ntchito kwacha mu 1968, pomwe Malawi idatsatira mu 1971. Mu January 2013 dziko la Zambia lidachotsa maziro atatu pa ndalama yake, moti K1,000 idasanduka K1, ndipo mu March 2025 lidatulutsa ndalama zatsopano, kuphatikizapo za K200 ndi K500.

Kuno kwathu nako zinthu sizidaime. Mu May 2022 kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, kenaka mu November 2023 ndi 44 peresenti. Panthawiyo dola imodzi ya ku America idachoka pa ndalama pafupifupi K1,180 kufika pa K1,700. Munthu wodalira mtengo umene adaumva paulendo wapitawo angathe kutaya phindu la mtedza wa chaka chonse m'mphindi zochepa.

Chipata chatsopano cha Mchinji ndi Mwami, chomwe Lazarus Chakwera, mtsogoleri wa dziko lino panthawiyo, adatsekulira pamodzi ndi Hakainde Hichilema wa ku Zambia mu December 2022, chidafupikitsa nthawi yodindira mapepala. Koma nkhani ya ndalama idatsala m'manja mwa wapaulendo mwini.

Malamulo amalola mabanki ndi malo ovomerezeka okha kusintha ndalama. Ngakhale zili choncho, kusowa kwa ndalama zakunja, komwe kudakula kuyambira mu 2022, kudakankhira ambiri kwa anyamata osintha ndalama m'mbali mwa msewu. Kumeneko kulibe lisiti, ndipo wolandira ndalama yachinyengo kapena yoperewera alibe kokadandaula.

Apa ndi pomwe foni ya m'manja ingathandize. Banki yaikulu ya Reserve imaika mitengo ya ndalama zakunja patsamba lake la pa intaneti, ndipo mabanki ena amachitanso chimodzimodzi. Vuto n'lakuti masamba ambiri otere amakonzedwa ndi anthu okhala pakompyuta yaikulu mu ofesi. Likafika pa kafoni ka mlimi wa ku Kabudula, tsambalo limatuluka ndi timanambala tonga nyerere, ndipo bandulo imatha lisanatseguke lonse.

Mankhwala ake adapezeka kale. Mu 2010 katswiri wa ku America, Ethan Marcotte, adatchukitsa njira yokonzera tsamba limodzi loti lizidzisintha lokha molingana ndi kukula kwa galasi la chipangizo. Tsamba lotere lili ngati chitenje: wonenepa ndi woonda onse chimawakwana. Pakompyuta limayala mizere yambiri, pomwe pafoni limaisanja umodzi pansi pa unzake kuti munthu azingotsitsa ndi chala.

Koma kukwana pafoni kokha sikokwanira. Tsamba lothandiza wapaulendo liyenera kukhala lopepuka, lopanda zithunzi zambirimbiri, kuti lizitseguka ngakhale netiweki ikuvuta. Pamwamba penipeni pakhale malo olembapo ndalama imene munthu ali nayo, yankho n'kutuluka m'manambala akuluakulu ooneka ngakhale padzuwa.

Zilembo za MWK ndi ZMW, zomwe zimaimira kwacha ya Malawi ndi ya Zambia, n'zosavuta kusokoneza. Choncho dzina la dziko ndi mbendera yake ziyenera kuoneka pambali pake.

Chinanso chimene chimapusitsa ambiri ndi chakuti mitengo imakhala iwiri. Pali mtengo umene banki imagulira ndalama kwa munthu, ndi wina wokwererapo umene imamugulitsira. Tsamba labwino lingafotokoze zimenezi m'Chichewa chomveka: mukapereka zakuti, mulandira zakuti. Lisonyezenso tsiku ndi nthawi imene mtengowo waikidwa, ndalama imene adule, komanso malo ovomerezeka apafupi ndi nthawi imene amatseka.

Wowerenga achenjerenso. Tsamba longoonetsa mitengo silifuna nambala yachinsinsi ya Airtel Money, Mpamba kapena ya kubanki. Lofunsa zimenezo ndi msampha wa akuba. Komanso kuona mtengo pafoni sikutanthauza kuti ndalamayo ilipo pakauntala, n'chifukwa chake ndi bwino kuyamba mwafunsa kubanki musanalipire minibasi.

M'banja momwe makolo sadziwa za intaneti, mwana wa sukulu angathe kuwaonera mtengo usiku woti mawa ndi ulendo, n'kuwalembera pakapepala. Kapepala kameneko n'kochepa, koma wokafika nako pachipata amakambirana mtengo akudziwa pomwe waima. Akasintha ndalama, awerenge kawiri pamaso pa womusinthirayo ndipo asachoke opanda lisiti.