Kompyuta Ikakana Windows 11

Windows 11 itatuluka pa 5 Okutobala 2021, anthu ambiri amene anafuna kuilowetsa m'makompyuta awo analandira uthenga woti makina awowo sakuyenera. Kampani ya Microsoft inali itakhwimitsa zinthu. Inkafuna RAM yosachepera 4 GB, malo osungira zinthu okwana 64 GB, purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kapena AMD Ryzen 2000 kupita m'tsogolo, komanso TPM 2.0, chinthu chimene ambiri anali asanachimvepo n'komwe.

TPM ndi kachipangizo kosunga makiyi achinsinsi. Mothandizana ndi pulogalamu ya BitLocker, kamachititsa kuti wakuba akazula disiki n'kukaiika pa makina ena, asathe kuwerenga kanthu. Chodandaulitsa n'chakuti makompyuta ambiri amene amakanidwa ali nako kale, kungoti anagulitsidwa kali kozimitsa. Choncho musathamangire kogula ina. Kompyuta ikamayaka, dinani F2, F10 kapena Delete malinga ndi mtundu wake, kuti mulowe mu BIOS. Pa makina a Intel fufuzani pamene palembedwa PTT, pa AMD pamene palembedwa fTPM. Yatsani pamenepo, kenako muiyesenso ndi pulogalamu ya PC Health Check.

Vuto likakhala purosesa, nkhani ndi ina. Malaputopu ambiri akaunjika amene timagula kuno ndi akale kuposa m'badwo wa 8, ndipo palibe batani limene lingasinthe zimenezo. Okonza makompyuta amalambalala malamulowa ndi pulogalamu ya Rufus, ndipo Windows 11 imalowadi. Komatu Microsoft inanenetsa kuti sikulonjeza kutumiza zokonza ku makina otere. Kukakamira Windows 10 nakonso kuli ndi zake, poti chithandizo chake chinatha pa 14 Okutobala 2025. Ine ndimaona kuti munthu amene ntchito yake ndi kulemba makalata ndi kulowa pa intaneti, bola aike Linux Mint, yomwe ndi yaulere ndipo imathamanga bwino pa makina okalamba, kusiyana n'kutaya kompyuta yamoyo.

Kwa amene Windows 11 yawalowera bwino, masiku oyamba amabwera ndi timavuto tawo: pulinta yasiya kusindikiza, mawu sakutuluka, Wi-Fi ikuduladula. Kawirikawiri olakwa amakhala madiraiva, timapulogalamu tolumikiza Windows ndi zipangizozo. Mu Device Manager, chipangizo chovutacho chimaoneka ndi kachizindikiro kachikasu, ndipo diraiva watsopano mukamutenge kwa amene anapanga kompyutayo. Nthawi zina vuto silikhala lanu n'komwe. Windows 11 24H2 itatuluka mu Okutobala 2024, makompyuta ena okhala ndi ma SSD a Western Digital ankangoima n'kuonetsa sikirini yabuluu, mpaka kampaniyo itakonza firmware yake. N'chifukwa chake Microsoft imayamba yaimitsa kaye kutumiza mtundu watsopano ku makina amene akudziwika kuti avutika nawo. Wanu ukachedwa, musaukakamize.

Musanayambe kulowetsa Windows 11, koperani mafayilo anu pa flash, ndipo onetsetsani kuti batire ladzaza, chifukwa magetsi akazima ntchito ili pakati, kompyuta ingakane kuyaka. Zikavuta, muli ndi masiku 10 obwerera ku Windows yakale kudzera pa Settings, System, Recovery. Njirayi imadalira foda yotchedwa Windows.old, imene ambiri amaifufuta msanga poona kuti ikudya malo. Isiyeni mpaka mutatsimikiza kuti pulinta, mawu ndi intaneti zonse zikugwira ntchito.