NJANJI YA KU KANENGO NDI MUNDA WANU

Alimi anzanga, munthu ataima pa msika wa ku Old Town, kapena pakati pa maofesi a ku City Centre, saiona njanji konse. Iyo idalambalala mzinda nipita chakumpoto, ku Kanengo, kumene kuli okushoni ya fodya ndi nkhokwe zazikulu za chimanga. Koma dziwani kuti pa mtengo wa thumba la feteleza pali ndalama ya ulendo wochokera ku doko la kunyanja yamchere, ndipo katundu wolemera amayenda motchipa pa sitima koposa pa lole.

Njanji yochokera ku Blantyre idafika ku Salima m'chaka cha 1935, nilekeza pomwepo zaka zoposa 40. Masiku amenewo fodya wa kuno ankatsika pa malole kukakwera sitima ku Salima, kunka ku Limbe. M'chaka cha 1979, ndi chithandizo cha dziko la Canada, njanji idafika ku Lilongwe, ndipo mu 1980 idafika ku Mchinji.

Tsono njanji iri ngati munda: ifuna kuisamala nyengo ndi nyengo. Zitsulo ziwiri zija zimagona pa mitanda, mitandayo igona pa miyala yoswa. Ambiri ayesa kuti miyalayo njongokometsa. Iyayi! Ndiyo imagwira mitanda kuti isasunthe, ndiyonso imalola madzi a mvula kutsika msanga. Dothi likalowa pakati pa miyala, madzi amaima, nthaka ya pansi ifewa, ndipo sitima ikapita njanji imatitimira mbali imodzi. Nchifukwa chake okonza njanji amachotsa mitanda yakale naika ya simenti, nathira miyala yatsopano, natsegula ngalande ndi mipaipi ya pansi.

Mdani wamkulu ndi madzi. Mu 2003 madzi osefukira adakokolola mlatho wa pa Rivirivi, kufupi ndi Balaka, ndipo Lilongwe adadukana ndi Nacala kufikira mlathowo utamangidwanso. Sitima yonyamula mafuta a galimoto idaonekanso ku Kanengo mu 2024, patapita zaka 21.

Apa mpamene nkhani ikhudza ife. Ine ndidaona ndi maso anga mlimi wina, munthu wakhama ndithu, amene adakweza mizere yake kufikira pa phazi la chiunda cha njanji, ndiponso yotsetsereka ndi mtunda. Mvula ya mwezi wa January idatenga nthaka ya munda wake nikatseka nayo mpaipi. Iye adataya chonde, ndipo madzi adayamba kudya chiundacho. Chomwe timaphunzitsa tsiku ndi tsiku, cha mizere yopingasa ndi migula, chikadapulumutsa zonse ziwiri.

Za otola miyala ya njanji kukamangira maziko a nyumba, kapena omasula zitsulo kukasulitsa makasu, sindifuna kutaya mau, kumeneko nkuba.

Chotero mvula isanagwe, yendani m'malire a munda wanu. Siyani malo a njanji osalima, udzu umere. Musataye mapesi kapena mitengo ya fodya m'ngalande. Ngolo ndi ng'ombe ziwoloke pa malo oikika okha, pakuti sitima yodzaza siingaime msanga ngati njinga. Mukaona chigwembe chikuyandikira njanji, kauzeni a Nyakwawa kapena antchito a njanji tsiku lomwelo.