Tulo ta Mapilisi: Tingacite Ciani Mankhwala Akayamba Kutivuta?

Ife amene timayendera odwala m'miphakati yathu timamva kawirikawiri dandaulo lakuti, "Tulo sindikutiona." Amatero mai wamasiye amene maliro a amuna ake anatha miyezi iwiri yapitayo, koma usiku akadali kuwerenga mitengo ya denga. Amateronso bambo amene ngongole ya feteleza yamuima pakhosi. Ena mwa iwo amapita ku cipatala, napatsidwa timapilisi takumwa pogona. Usiku woyamba amagona tulo tofa nato, ndipo banja lonse limayamika Mulungu. Koma pakapita masiku timamva zina: mai uja akudzuka dzuwa litakwera, mutu uli wolemera, wapsereza ndiwo pa mbaula, ndipo Lamulungu anasinza kuyambira pa mau oyamba kufikira pa dalitso lomaliza.

Makolo anati walira mvula walira matope. Mankhwala ogonetsa nao ali ndi matope ace. Mavuto ambiri amene amadza nao angathe kucepetsedwa, koma pali njira ziwiri zolakwika zimene anthu athu amakonda kutsata. Ena amapirira mwakacetecete poopa kuoneka osayamika kwa dokotala. Ena amataya mapilisi onse m'cimbudzi tsiku limodzi. Njira yoyenera ndiyo kuyang'anitsitsa zimene zikuticitikira, kudziteteza pa masiku amenewo, ndi kubwerera kwa amene anatilembera mankhwalawo.

Tidziwe dzina la zimene tikumwa

Ambiri a ife timangoti "timapilisi toyera tija", koma mapilisi oyera ndi ambirimbiri. Dzina limalembedwa pa kathumba kamene timalandira pa windo la mankhwala. Ngati silikuwerengeka, tipemphe kuti atilembere bwino, pakuti safunsa anadya phula.

Odziwika koposa ndi diazepam, amene ambiri amawacha Valium. Anayamba kugulitsidwa m'caka ca 1963. Amatonthoza ubongo, koma amacedwa kucoka m'thupi. Patapita tsiku lathunthu, kapena awiri, theka la mlingo limakhala likadali m'magazi, ndipo mwa okalamba amakhalitsa koposa pamenepo. Munthu akamamwa usiku uliwonse, mlingo walero umapeza wadzulo usanathe, ndipo mankhwala amaunjikana. N'cifukwa cake kusinza masana, kudzandira ndi kuiwalaiwala zimakula m'kupita kwa masiku.

Amitriptyline ndi mankhwala a matenda ovutika maganizo ndiponso a ululu wa m'mitsempha, koma pa mlingo waung'ono amaperekedwanso kuti munthu agone. Amaumitsa m'kamwa, amadzimbiritsa, ndipo amacititsa cizungulire munthu akaimirira msanga. Promethazine ndi Piriton ndi mankhwala a ziwengo amene amagonetsanso, koma thupi limawazolowera m'masiku owerengeka, tulo n'kutha, kuuma m'kamwa n'kutsala. Palinso atsopanopo monga zolpidem, amene amagwira msanga ndi kucoka msanga, koma nao ali ndi mavuto ao.

Mutu wolemera m'mawa

Nthawi yomwera mankhwala ndi yofunika kwambiri. Womwa mankhwala ogonetsa ayenera kukhala ndi maola 7 kapena 8 ogona patsogolo pake. Kumwa pilisi pakati pa usiku cifukwa tulo takana, pamene m'mamawa tifuna kulawirira kumunda, ndiko kudziitanira ngozi. Usiku umene tikukagona pa maliro, pafupi ndi moto, si usiku womwera mankhwalawa, pokhapokha ngati thupi linawazolowera kale monga tifotokozere m'munsimu. Omwa amitriptyline ambiri amapeza bwino akamamwa madzulo ndithu, maola awiri kapena atatu asanagone, ndipo dokotala angatiuze nthawi yotiyenera.

Kawirikawiri mlingo ukangocepetsedwa, vuto limatha. M'caka ca 2013 bungwe loyang'anira mankhwala ku America, la Food and Drug Administration, linatsitsa mlingo wa zolpidem wa amai kucokera pa mamiligalamu 10 kufika pa 5, litaona kuti mankhwalawa amacedwa kucoka m'matupi ao, kotero kuti m'mawa ena sakhoza kuyendetsa bwino galimoto. M'caka ca 2019 bungwe lomwelo linalamula cenjezo lamphamvu lakuti ena akamwa zolpidem amadzuka, kuyenda, kuphika ngakhale kuyendetsa galimoto ali m'tulo, m'mawa osakumbukira kanthu. Tikaona zotere m'nyumba mwathu, munthuyo asamwenso usiku wotsatira, ndipo tipite naye ku cipatala.

Malinga ngati mutu ukadali wolemera, tisagwire ciwongolero ca minibasi, njinga yamoto kapena makina a cigayo. Woyendetsa amene wasinza kamphindi pa Great East Road wanyamula miyoyo ya anthu ena. Mai amene akumva cizungulire asapite yekha kukatunga madzi pa citsime cosavundikira, ndipo asasiyidwe yekha pa moto ndi mwana kumbuyo.

Kwa agogo athu ngozi yaikulu ndiyo kugwa usiku popita panja. Wokalamba akathyoka fupa la m'ciuno, nthawi zambiri sayendanso monga kale. Tiwaikire tochi pafupi ndi mutu, ndowa pafupi ndi pogona, ndipo ticotse zopunthwitsa pansi. Podzuka ayambe akhala tsonga kwa mphindi imodzi kapena ziwiri asanaimirire. Agogo akayamba kusokoneza maina a adzukulu kapena kulankhula zosamveka atangoyamba mankhwala atsopano, tisafulumire kunena kuti ndi ukalamba, ndipo tisayerekeze n'komwe kuwanenera za ufiti. Tiyambe takaonetsa kathumba ka mankhwala ku cipatala.

Mavuto ang'onoang'ono ali ndi cithandizo ca pakhomo. M'kamwa mukauma timwe madzi pang'onopang'ono tsiku lonse ndi kutsuka mano bwino, cifukwa malovu akacepa mano amaola msanga. Kudzimbidwa kumacepa ndi madzi okwanira, nsima ya mgaiwa, ndiwo zamasamba monga cibwabwa ndi bonongwe, papaya, ndiponso kuyenda. Koma pali zizindikiro zosayembekezera kuca: munthu wosadzuka ngakhale timugwedeze, wopuma mocedwa kwambiri, wotupa nkhope kapena lilime, wolephereratu kukodza, kapena woyamba kulankhula zofuna kudzipha. Ameneyo tithamange naye ku cipatala nthawi yomweyo, titanyamula mankhwala onse amene wakhala akumwa.

Mowa ndi mapilisi sizigonera pamodzi

Mowa umafooketsa mbali ya ubongo imene imayendetsa kupuma, ndipo diazepam amacita cimodzimodzi. Zikakumana, munthu angathe kugona osadzukanso. Izi n'zoona pa kacasu, pa mowa wa masese ndi pa mowa wa m'botolo momwe. Ngozi yomweyi ilipo pa tramadol ndi pa mankhwala a cifuwa okhala ndi codeine. Cotero dokotala asanatilembere, timuuze zonse zimene timamwa, kuphatikizapo mankhwala a zitsamba. Timuuzenso ngati tili ndi pakati, ngati tikuyamwitsa, ngati tili ndi matenda a m'mapapo kapena a ciwindi, kapena ngati anzathu ogona nao amati timaliza mkonono kwambiri ndi kumadukiza kupuma.

Mtima wacifundo umatinyenga pamene tigawira mnansi mapilisi athu. Mlingo woyenera bambo wa zaka 40 ungagwetse gogo wa zaka 75. Mwana wovuta usiku asapatsidwe Piriton kapena promethazine kuti agone, ndipo promethazine ndi woletsedwa ndithu kwa mwana wosakwana zaka 2. Mapilisi a amitriptyline owerengeka cabe angathe kupha mwana wamng'ono, motero tiwasunge pamwamba, motsekedwa. Diazepam saloledwa kugulitsidwa popanda kalata ya dokotala, ndipo wogula pa kantemba sadziwa cimene wagula.

Thupi likazolowera

M'caka ca 1988 komiti yoona za citetezo ca mankhwala ku Britain inalangiza kuti diazepam ndi mankhwala a mtundu wake azimwedwa kwa milungu 2 mpaka 4 yokha. Cifukwa cake n'cakuti thupi limazolowera. Pilisi limodzi limaleka kugwira nchito, munthu amayamba kumwa awiri, ndipo akati aleke amapeza kuti sangathe. Zimenezi zimagwera ngakhale Mkhristu wodziletsa amene anatsata malangizo onse. Si cizindikiro ca khalidwe loipa, ndipo palibe cocititsa manyazi.

Amene wamwa diazepam usiku uliwonse kwa milungu yambiri asaleke tsiku limodzi. Kuleka mwadzidzidzi kumabweretsa kusowa tulo koposa kwa poyamba, mantha, kunjenjemera ndi thukuta, ndipo ena amagwa ndi kuphupha ngati a khunyu. Ambiri akaona zimenezi amaganiza kuti matenda abwerera, nabwerera ku mapilisi. Profesa Heather Ashton wa ku Newcastle, amene anathandiza anthu otere pa kiliniki yake kuyambira 1982 mpaka 1994, anaonetsa kuti ambiri amamasuka ngati mlingo ukucepetsedwa pang'onopang'ono, kwa miyezi ingapo ngati kuli kofunika. Kawirikawiri amacotsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 pa mlungu umodzi kapena iwiri, koma woyenera kukonza ndondomekoyi ndi dokotala pamodzi ndi wodwalayo. Amitriptyline nayenso amalekedwa mocepetsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha: masiku ena tulo tidzavuta, koma thupi lidzaphunziranso kugona lokha.

Kubwerera ku cipatala

Pobwerera tisapite manja okha. Kwa mlungu umodzi tilembe m'kabuku nthawi imene tinamwa pilisi, nthawi imene tinagona ndi kudzuka, ndi zimene tinamva masana. Wosadziwa kulemba amuthandize mdzukulu. Kaya ndi pa kiliniki ya kwathu, ku Minga, ku Lumezi, ku St Francis' ku Katete kapena ku Chipata Central, kabuku kotere kamathandiza dokotala kusankha kucepetsa mlingo, kusintha nthawi kapena kusintha mankhwala. Anchito a zaumoyo amatumizanso malipoti a mavuto a mankhwala ku bungwe la Zambia Medicines Regulatory Authority, kotero kuti kulankhula kwathu kumateteza ndi ena omwe.

Tifunsenso funso lalikulu: n'ciani cikutilanda tulo? Mwina ndi ululu wa m'mafupa, kukodza pafupipafupi, cisoni ca maliro, kapena matenda ovutika maganizo amene ali ndi cithandizo caocao. Mwina ndi tiyi, khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu, pakuti theka la mphamvu yao yocotsa tulo limakhalabe m'thupi patapita maola pafupifupi 5. Mankhwala ena a ma ARV, makamaka dolutegravir, amasowetsa tulo anthu ena, ndipo kuwamwa m'mawa kumathandiza. Nkhaniyi tikambirane ndi a ku kiliniki, koma ma ARV tisaleke.

M'caka ca 2016 bungwe la madokotala la American College of Physicians linalangiza kuti cithandizo coyamba ca kusowa tulo kwa nthawi yaitali cikhale kuphunzitsa munthu kusintha zizolowezi ndi maganizo ake pa za tulo, mapilisi abwere pambuyo ngati afunika. Zina mwa zizolowezizi sizilira ndalama. Tidzuke nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, ngakhale tagona mocedwa. Tipewe kugona nthawi yaitali masana. Foni ikhale kutali ndi pogona. Tulo tikakana kwa mphindi ngati 20, tidzuke, tikhale pa mpando m'kuwala kocepa, mwina ndi korona m'manja, ndipo tibwerere pogona pamene tayamba kusinza.

Cikhulupiriro cathu ndi mankhwala

Alipo amene amauza odwala kuti kumwa mapilisi ndiko kusakhulupirira Mulungu, ndi kuti ataye mankhwala onse atapemphereredwa. Kwa munthu amene thupi lake linazolowera diazepam, uphungu umenewu ungamuphetse. Mpingo suphunzitsa zotero. Buku la Mphunzitsi Sira, mutu 38, limatilangiza kulemekeza sing'anga ndi kusanyoza mankhwala, ndiponso kupemphera pamene tidwala. Katekisimu wa Mpingo Wakatolika, pa ndime 2290, amaika mankhwala pamodzi ndi cakudya, mowa ndi fodya pa zinthu zimene sitiyenera kupyola nazo muyeso. Ndipo kwa amene amada nkhawa, malamulo a Mpingo amanena kuti madzi ndi mankhwala sizimaswa kusala kwa ola limodzi tisanalandire Ukaristia.

Tibwerere kwa mai wamasiye uja. Pilisi lingamugonetse kwa milungu iwiri kapena itatu, koma silingakhale naye pa khonde madzulo, pamene nyumba yangoti zii. Imeneyo ndi nchito yathu. Pa msonkhano wa mphakati wa mwezi uno tisankhe anthu awiri oti azimuyendera dzuwa likamalowa, kudya naye ndi kupemphera naye pemphero la usiku. Wina aone ngati pogona pake pali tochi, wina awerenge dzina la pa kathumba ka mankhwala, ndipo tsiku lobwerera ku cipatala likafika, mmodzi wa ife amuperekeze.