Kodi mumadziwa?

Morphine, mankhwala amphamvu oletsa ululu wa khansa, amachokera ku chomera chotchedwa opium poppy, ndipo kuno ku Malawi kagwiritsidwe kake kamatsata lamulo la Dangerous Drugs Act.

M'maesiteti a tiyi ku Thyolo, komwe makolo amalawirira kukathyola tiyi ana n'kutsala okha pakhomo, botolo la morphine lisamakhale poyera, chifukwa ngakhale wochepa chabe angathe kuimitsa kupuma kwa mwana. Litsekereni m'sutikesi ya loko, ndipo mankhwalawo musawathire m'botolo la zakumwa.

Musagawireko mnzanu wodandaula msana. Wodwala akamwalira kapena akamusinthira mankhwala, otsalawo musawataye kudzala kapena mumtsinje. Abwezeni kuchipatala komwe munalandira, kaya n'cha boma cha Thyolo kapena cha Malamulo ku Makwasa.